Adasiya minda nakakhala m'tsinde mwa linga: mbiri ya midzi ya asamurai ku Japan

Sabata ino tiyeni tiponye maso kutali, ku dziko la Japan, kuti tione momwe midzi ya ankhondo otchedwa asamurai idayambira, momwe idakulira ndi momwe idathera. Ambiri mwa ife dzina limeneli tidalimva m'mafilimu, ndipo tikalimva timangoganiza za munthu wa lupanga lakuthwa, wosaopa imfa. Koma munthu ameneyu adali ndi pogona, adali ndi mkazi ndi ana, anansi, ngakhalenso ngongole. Kodi adakhala kuti, nanga ndani adamusankhira malowo? Tikayankha funso limeneli tiona momwe olamulira adagwiritsira ntchito nyumba, misewu ndi zipata pofuna kuweta anthu amene adali oopsa koposa m'dziko lawo.

Poyamba msamurai adali munthu wakumudzi

M'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, msamurai sadali munthu wam'tauni ayi. Iye ankakhala pakati pa minda yake, m'nyumba yozunguliridwa ndi ngalande ndi mtumbira wa dothi, nayang'anira alimi amene ankamulimira mpunga. Kukagwa nkhondo, mfumu yake inkamuitana, iye n'kukwera kavalo, n'kutenga anyamata ake, ndipo nkhondo ikatha ankabwerera kwawo. Mphamvu zake zidali m'nthaka imene makolo ake adamusiyira.

Nkhondo ya Onin, imene idayamba mu 1467 n'kutha mu 1477, idasakaza mzinda wa Kyoto, ndipo idatsegula nyengo ya zaka zoposa 100 za nkhondo zapachiweniweni. Mafumu a zigawo, otchedwa daimyo, ankamanga malinga pamwamba pa mapiri n'kumalimbana okhaokha. Tsono mafumuwa adali ndi vuto limene linkawasowetsa tulo. Wankhondo amene ali ndi munda wake, nkhokwe yake ndi anyamata ake, amamvera mfumu pokhapokha ngati wafuna. Tsiku lina atha kugwirizana ndi mdani, kapena kuukira mfumu yake yomwe, ndipo zotere zinkachitika kawirikawiri. Kuonjezera apo, kusonkhanitsa ankhondo omwazikana m'midzi kunkatenga masiku, makamaka nyengo yodzala ndi yokolola.

Banja la Asakura, m'chigawo cha Echizen kumene lero kuli Fukui, ndi limodzi mwa oyamba kupeza mankhwala a vutoli. M'malamulo 17 odziwika ndi dzina la Asakura Toshikage, amene adamwalira mu 1481, muli lamulo loletsa kumanga linga lina m'chigawomo, ndi lolamula akuluakulu onse kusamukira ku Ichijodani, kwa mfumu, n'kusiya akapitawo okha m'midzi. Ichijodani udakula n'kukhala mzinda wa anthu pafupifupi 10,000 m'chigwa chopapatiza. Mu 1573 ankhondo a Oda Nobunaga adautentha, ndipo mabwinja ake adakwiririka ndi minda mpaka pamene akatswiri adayamba kufukula mu 1967. Adapeza maziko a nyumba za asamurai, zitsime, misewu ndi tinyumba ta amisiri, zonse zili m'malo mwake.

Moto wa ku Azuchi ndi kulanda malupanga

Nobunaga yemweyo, amene adatentha Ichijodani, ndiye adapititsa patsogolo nzeru ya Asakura. Mu 1576 adayamba kumanga linga la Azuchi m'mphepete mwa nyanja ya Biwa, ndipo adagawira akuluakulu ake malo omangapo nyumba m'mbali mwa phirilo. Mu 1577 adamasula msika wa mzindawo ku misonkho yambiri kuti amalonda abwere. Koma ankhondo ena mitima yawo idali idakali kumudzi. Mu 1578 nyumba ya msilikali wina wa uta idapsa, ndipo atafufuza adapeza kuti amuna 120 adasiya akazi ndi ana kwawo ku Owari. Nobunaga adalamula kuti nyumba zawo za ku Owari zitenthedwe. Mabanja aja adalibe kuchitira mwina koma kusenza katundu ulendo wa ku Azuchi. Mumzinda womwewu ansembe Achijezuwiti adalandira malo kwa Nobunaga mu 1580, namangapo seminale yophunzitsira ana a asamurai. Koma Azuchi sudakhalitse: Nobunaga adafa mu 1582 ataukiridwa ndi mmodzi mwa akuluakulu a ankhondo ake, ndipo linga lidapsa chaka chomwecho.

Womulowa m'malo, Toyotomi Hideyoshi, adamaliza ntchitoyo ndi malamulo. Adatumiza anthu kukayeza minda m'dziko lonse, ndipo munda uliwonse udalembedwa dzina la mlimi woyenera kupereka msonkho. Chuma chidayamba kuwerengedwa ndi muyeso wotchedwa koku, umene ndi malita pafupifupi 180 a mpunga, chakudya cha munthu mmodzi chaka chathunthu. Mu 1588 adalamula kuti alimi alandidwe malupanga, mikondo ndi mfuti. Mu 1591 adaletsa anyamata otumikira ankhondo kusanduka alimi kapena amalonda, naletsanso alimi kusiya minda. Munthu amene kale ankagwira khasu ndi lupanga lomwe adayenera tsopano kusankha chimodzi. Wosankha khasu adatsala kumudzi wopanda chida. Wosankha lupanga adapita kukakhala pafupi ndi mfumu, ndipo pang'ono ndi pang'ono adasiya kudya za m'munda mwake n'kuyamba kudya mpunga wochokera m'nkhokwe ya mfumu.

Tokugawa Ieyasu atapambana nkhondo ya Sekigahara mu 1600 n'kukhala shogun, ndiye kuti mkulu wa ankhondo onse, mu 1603, mafumu ambiri adasamutsidwa kuchoka chigawo china kupita china. Asamurai ankatsatira mfumu yawo, alimi n'kutsala. Mu 1615 boma la Tokugawa lidalamula kuti mfumu iliyonse itsale ndi linga limodzi lokha, ndipo malinga ang'onoang'ono ambirimbiri adagumulidwa. Ankhondo amene ankalondera malingawo adathamangira ku likulu la chigawo. Mizinda yambiri yotchuka ya Japan, monga Hiroshima, Sendai, Nagoya ndi Kumamoto, idamangidwa kapena kukonzedwa m'zaka zimenezi, pakati pa 1580 ndi 1620.

Udindo wa munthu unkaoneka ndi pamene wagona

Mzinda wotere ankautcha jokamachi, kutanthauza mudzi wa m'munsi mwa linga, ndipo nyumba za ankhondo ankazitcha bukeyashiki. Kamangidwe kake kadali kofanana m'malo ambiri. Pakatikati padali linga la mfumu. Pafupi nalo, kawirikawiri m'kati mwa ngalande zamadzi, munkakhala nduna zazikulu. Kunja kwake kudali asamurai apakati. Amalonda ndi amisiri adapatsidwa mizere yawoyawo m'mbali mwa misewu ikuluikulu, osula zitsulo paokha, onyika nsalu paokha. Asilikali wamba oyenda pansi, otchedwa ashigaru, adaikidwa kumalire, pamene misewu imalowera mumzinda, pamodzi ndi akachisi amene mipanda yawo inkathandiza kutchinga adani. Motero munthu akangotchula dera limene amakhala, aliyense ankadziwa udindo wake. Maina ena alipobe mpaka lero: ku Tokyo, Okachimachi ndi dera la alonda oyenda pansi, ndipo Hyakunincho ndi dera la gulu la asilikali 100 a mfuti.

Misewu ya m'maderawa siinkawongoka dala. Ina inkakhota mwadzidzidzi, ina inkathera pakhoma, kuti mdani asaone kutali ndiponso asathamange molunjika ku linga. Ku Hagi, mzinda umene banja la Mori lidamanga kuyambira mu 1604 litalandidwa zigawo zambiri n'kutsala ndi ziwiri zokha, Suo ndi Nagato, misewu yokhotakhota yotchedwa kaimagari ikadalipo pakati pa zipupa zadothi. Ku Kakunodate, kumpoto, mzinda umene Ashina Yoshikatsu adaukonza mu 1620, adasiya bwalo lopanda nyumba pakati pa dera la asamurai kumpoto ndi dera la amalonda kummwera. Ntchito yake idali kuletsa moto kuwoloka, koma linkasonyezanso poyera pamene mtundu wina wa anthu ukuthera ndi pamene wina ukuyambira.

Kukula kwa malo kunkatsatira kuchuluka kwa koku amene munthu ankalandira, ndipo chipata ndicho chinkalankhula koposa. Wamkulu ankaloledwa chipata chotchedwa nagayamon, chokhala ndi zipinda za antchito ndi makola a akavalo mbali zonse ziwiri. Wapakati adali ndi chipata chaching'ono chofoleredwa, wamng'ono mizati iwiri ndi mtanda wopingasa pamwamba, kapena mpanda wamitengo chabe. Munthu sankamanga chipata choposa udindo wake ngakhale atapeza ndalama. Koma chachikulu chimene tiyenera kukumbukira n'chakuti malowo sadali ake. Idali mphatso ya mfumu. Akakwezedwa ankasamutsidwira kufupi ndi linga, akalakwa ankachotsedwa. Nthaka ya makolo adaisinthanitsa ndi nyumba yobwereka.

Kanazawa ndi Takayama Ukon

Mzinda wa Kanazawa ukutionetsa zonsezi bwino lomwe. Maeda Toshiie adalowamo mu 1583, ndipo banja lake lidalamulira chigawo cha Kaga, cholemera kuposa zigawo zonse za mafumu, cha koku oposa 1,000,000. Mabanja akuluakulu 8 ankathandiza mfumu kulamulira, ndipo lalikulu mwa iwo, la Honda, linkalandira koku 50,000, kuposa mafumu ambiri a zigawo zing'onozing'ono. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 mzindawu udali umodzi mwa ikuluikulu m'dzikomo, kutsatira Edo, Osaka ndi Kyoto. Dera la Nagamachi, kumene kunkakhala asamurai apakati ndi ena apamwamba, likadali ndi tinjira take topapatiza, ngalande ya Onosho ndi zipupa zadothi zimene eni mzinda amaziphimba ndi mikeka ya mapesi a mpunga nyengo yachisanu kuti zisagumuke. Ashigaru a kuno adali ndi mwayi: ambiri adapatsidwa tinyumba toima patokha ndi kadimba, pamene anzawo m'zigawo zina ankapanikizana m'midadada.

Mumzinda umenewu mudakhala munthu amene dzina lake timalidziwa mu Mpingo, Justo Takayama Ukon. Iye adali mfumu ya ku Takatsuki, kenaka ya ku Akashi. Mu 1587 Hideyoshi adamuuza kuti asankhe pakati pa chigawo chake ndi chikhulupiriro chake, ndipo iye adasiya chigawo. Mu 1588 banja la Maeda lidamulandira ku Kanazawa. Poti adali katswiri womanga malinga, mbiri ya mzindawo imamutchula kuti ndiye adatsogolera ntchito yokumba ngalande yam'kati yozungulira mzinda mu 1599, pamene a Maeda ankaopa nkhondo ndi Ieyasu. Ngalande yachiwiri, yakunja, idakumbidwa mu 1610. Ukon adakhala ku Kanazawa zaka 26. Koma mu 1614 boma la Tokugawa litaletsa Chikhristu m'dziko lonse, iye ndi banja lake adatulutsidwa mumzinda umene adathandiza kuutchinjiriza. Adayenda mpaka ku Nagasaki, nakwezedwa chombo cha ku Manila, kumene adamwalira mu February 1615, patangopita milungu yochepa atafika. Mpingo udamutcha Wodala pa 7 February 2017 ku Osaka. Nkhani yake ikutsimikiza zimene tanenazi: nyumba ya msamurai inkakhala yake malinga ngati chikumbumtima chake sichidatsutsane ndi chifuniro cha olamulira.

Edo, mzinda wa alendo

Palibe kumene nyumba za ankhondo zidachuluka ngati ku Edo, umene lero ndi Tokyo. Mu 1635 shogun wachitatu, Tokugawa Iemitsu, adakhazikitsa lamulo la sankin kotai. Mwa lamuloli mafumu ambiri ankakhala chaka chimodzi ku Edo, chaka china kwawo, koma mkazi wamkulu ndi mwana wolowa ufumu ankatsala ku Edo nthawi zonse ngati chikole. Mfumu iliyonse idayenera tsono kusunga nyumba kumeneko. Moto waukulu wa Meireki wa mu 1657, umene udapha anthu zikwi makumimakumi n'kutentha nsanja yaikulu ya linga la shogun, udachititsa kuti mzinda ukonzedwenso. Nyumba zambiri za mafumu zidasunthidwira kunja, ndipo udakhala mwambo kuti mfumu ikhale ndi nyumba yaikulu pafupi ndi linga, ina yapakati ya mfumu yopuma kapena mwana wolowa ufumu, ndi ina kumalire kwa mzinda yokhala ndi minda ya maluwa, nkhokwe ndi pothawira moto.

Malo a ankhondo adatenga pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a mzinda wonse. Anthu wamba, amene kalembera wa mu 1721 adapeza kuti adalipo oposa 500,000, adapanikizidwa pa kachigawo kosafika ngakhale magawo 2 mwa 10. Koma tisaganize kuti msamurai aliyense ankagona mwamtambasale. Asamurai ang'onoang'ono operekeza mfumu ankakhala m'midadada yomangidwa motsatira mpanda, opanda akazi awo, akudziphikira okha ndi kuwerenga miyezi yobwerera kwawo. Katswiri wa maphunziro Ogyu Sorai, amene adamwalira mu 1728, adachenjeza shogun Yoshimune kuti asamurai akukhala ngati anthu a m'nyumba yogona alendo, ogula chilichonse ndi ndalama, ndipo adalangiza kuti abwezedwe kuminda. Malangizo akewo sadatsatidwe.

Umphawi kuseri kwa chipata

Sorai adaona patali. Msamurai ankalipidwa mpunga, koma mafuta a nyale, nsalu ndi nsomba zinkafuna ndalama. Ankagulitsa mpunga wake kudzera mwa amalonda, ndipo usadapse n'komwe adali atakongola kale kwa amalonda omwewo. Malipiro a banja sankasintha kwenikweni kuchokera kwa agogo kufika kwa mdzukulu, pamene mitengo ya zinthu inkakwera. Mafumu akasauka ankadula malipirowo n'kumati angobwereka. Komabe udindo unkafuna kuti munthu avale moyenera, asunge wantchito ndiponso apereke mphatso. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo: ulemu wa malupanga awiri sunkadyeka.

Motero kuseri kwa zipata kudayambika ntchito zamanja. Ku Edo asilikali a ku Aoyama ankamata maambulera a mapepala, a ku Okubo ankalima maluwa ogulitsa. Ku Tendo ankasema tizidutswa ta masewera a shogi. Ku Yonezawa banja la Uesugi, limene chuma chake chidatsitsidwa kuchoka pa koku 1,200,000 kufika pa 300,000 mu 1601, kenaka pa 150,000 mu 1664, lidakana kuchotsa ankhondo ake ambiri. Ang'onoang'ono adakhazikidwa kunja kwa mzinda kuti azilima, mabanja ankadzala mipanda ya chitsamba chodyedwa chotchedwa ukogi, ndipo m'nthawi ya mfumu Uesugi Yozan akazi a asamurai adaphunzira kuluka nsalu zogulitsa.

Chopweteka kuposa njala chidali tsankho pakati pa asamurai eni akewo. Fukuzawa Yukichi, mwana wa msamurai wamng'ono wa ku Nakatsu amene pambuyo pake adayambitsa sukulu ya Keio, adalongosola mu 1877 momwe zinthu zidalili kwawo. Apamwamba ndi apansi sankakwatirana, kalankhulidwe kawo kadali kosiyana, ndipo ashigaru akakumana ndi wamkulu panjira ankavula nsapato zawo zamatabwa n'kugwada, ngakhale mvula ikugwa. Mwana waluso wobadwira kumalire a mzinda ankadziwa kuti, kupatula mwa mwayi wosowa, adzafera komweko.

Sikuti dongosololi lidali chimodzimodzi paliponse. Ku Satsuma, kummwera, asamurai adali ochuluka zedi, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi aliwonse, pamene m'dziko lonse sankafika mmodzi mwa khumi. Mzinda wa Kagoshima sukadawakwana. Banja la Shimazu lidawamwaza m'midzi yoposa 100 yotchedwa fumoto, kumene ankalima uku akulondera. Chiran ndi Izumi ndi iwiri mwa midzi imeneyi, ndipo mipanda yake yamiyala ndi mitengo yodulira bwino ikadalipo.

Adagwetsa dongosolo ndi a kumalire

Chimene olamulira sadachiganizire ndi ichi: anthu amene adagonekedwa kutali ndi linga ndiwo adadzagwetsa dongosolo lonse. Kadera kamodzi ka asamurai ang'onoang'ono ku Kagoshima, kotchedwa Kajiyacho, kadalera Saigo Takamori ndi Okubo Toshimichi. Kumalire a Hagi, kasukulu ka Yoshida Shoin kadaphunzitsa Ito Hirobumi ndi Yamagata Aritomo, anyamata a m'mabanja apansi kwambiri. Anthu amenewa ndi anzawo adagwetsa boma la Tokugawa mu 1868, ndipo Ito adakhala nduna yaikulu yoyamba ya Japan mu 1885.

Boma latsopano la Meiji lidathetsa zigawo za mafumu mu 1871. Mu 1873 lidalamula kuti malinga ambiri agumulidwe kapena aperekedwe kwa asilikali a boma. Mu 1876 lidaletsa kuyenda ndi malupanga, ndipo malipiro a mibadwomibadwo lidawasandutsa zikalata za ngongole ya boma. Asamurai ambiri adayesa malonda n'kulephera, nagulitsa nyumba. Ena adaukira, ndipo kuukira kwakukulu, kotsogozedwa ndi Saigo yemwe uja, kudagonjetsedwa mu 1877. Ku Hagi, Obata Takamasa adalimbikitsa mu 1876 kuti mabwalo a nyumba zosiyidwa adzalidwe malalanje otchedwa natsumikan kuti mabanja osauka apeze chogulitsa, ndipo zipupa zakale zidasungidwa poti zinkatchinga mitengoyo ku mphepo. Ku Tokyo malo a mafumu adasanduka maofesi a boma, misasa ya asilikali ndi sukulu. Yunivesite ya Tokyo ili pamalo a banja la Maeda, ndipo chipata chake chofiira, Akamon, chomangidwa mu 1827, chidakali chiimire.

Zambiri mwa nyumbazi zidatha ndi moto, zivomezi, mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi kukula kwa mizinda. Mu 1975 Japan idakonza lamulo loteteza madera athunthu a nyumba zakale, ndipo Kakunodate ndi Hagi adali m'gulu loyamba kusankhidwa mu 1976. Mu 2015 mzinda wakale wa Hagi udalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse.

Tsono abale ndi alongo, tiweruze bwanji? Tisafulumire kunyoza. Kuchotsa ankhondo m'midzi kudathandiza kuti Japan ikhale zaka zoposa 200 popanda nkhondo yaikulu yapachiweniweni, alimi adapuma ku zofunkha, ndipo adzukulu a anthu amalupanga adasanduka alembi, aphunzitsi ndi oyendetsa boma. Koma mtenderewo udagulidwa ndi mtengo wake. Munthu adapatsidwa denga ndi mpunga, nalandidwa nthaka ndi ufulu wonena kuti ayi. Ulemu wake udayezedwa ndi kutalika kwa chipata ndi mtunda wochokera ku linga, osati ndi luso lake kapena khalidwe lake, ndipo dongosolo lotsekera achinyamata aluso kumalire lidadzikumbira lokha dzenje. Inu achinyamata, tsiku lina mudzalandira ntchito, nyumba kapena udindo kuchokera m'manja mwa wina. Musadalandire, dzifunseni chimene wopatsayo akufuna kuti musiye, ndiponso ngati mudzakhalebe ndi mtima wotuluka pachipata, monga adachitira Ukon, tsiku limene adzakufunsani chinthu chimene simungathe kupereka.